Mlendo pa Chiliza cha Abambo

Tsangano, m'nyengo yachisanu

Wokondedwa mlongo wanga Belarmino,

Ndayamba ndi kukulonjera, iwe pamodzi ndi mlamu wanga Rosália ndi kamwana kanu Chiyembekezo. Kodi muli bwanji ku Beira kumeneko? Chifuwa chija chinamusiya mwanayo? Nanga iwe, ukadanyamulabe katundu kudoko ngati unabadwa ndi misana iwiri? Ngati nonse muli bwino, Mulungu alemekezeke.

Ife kuno tilipo. Chisanu chabwera ndi ukali chaka chino. M'mawa udzu umachita kuyera, ndipo ku sekretariya ya shikola, ofesi ya sukulu kumene ndimagwira ntchito, zala zimakana cholembera mpaka dzuwa litakwera. Kachewere wachita bwino, nyemba ndiye zinapserera pang'ono. Kumudzi ku Ntengo-Wambalame ng'ombe zili bwino, ija yamawanga yabereka kathole.

Amayi m'thupi ali bwino. Ndati m'thupi, ndipo ukamafika kumapeto kwa kalatayi udziwa chifukwa chake.

Ndikudziwa wadabwa kulandira kalata ya papepala kuchokera kwa ine, munthu amene ndimakuseka kuti umalemba pafoni ndi chala chimodzi ngati nkhuku yojompha chimanga. Ndikudziwanso kuti wakhala ukundiimbira ine osayankha. Sikuti rede ya mafoni inavuta monga ndinakuuzira. Ndimaliona dzina lako likuwala, foni n'kuitembenuza. Zimene ndili nazo zikukana kutuluka pakamwa, ndiye ndati dzanja liyeseko.

Poti abwana ako anakukaniza kubwera ku chiliza cha abambo, unandipempha zithunzi za tsikulo. Ndinakutumizira cha kumanda, cha ng'ombe imene tinapha, ndi cha amayi a mpingo akuimba. Unafunsa kuti nanga lona ija, chinsalu cha nkhope ya abambo chija, ili kuti, ine ndinati chithunzi chake sichinatuluke bwino. Linali bodza, mlongo wanga. Sindinaijambule n'komwe.

Ukukumbukira mmene tinagawanirana ntchito. Iwe unatenga za simenti ndi mwala, amayi anatenga za chakudya ndi thobwa. Ine palibe anandituma kanthu. Ndinadziponya ndekha kuti ndipangitsa lona yaikulu yonga zimene amapachika pamisonkhano ya boma, yokhala ndi nkhope ya abambo ndi dzina lawo, kuti abale awo a ku Chidzolomondo akabwera awaonenso. Ndinachita kudziguguda pachifuwa kuti za komputadori n'zanga.

Chithunzi cha abambo chilipo chimodzi chokha, chija anajambulitsa ataima pakhomo la khola, chimene unapita nacho ku Beira. Ndinakuuza kuti uchijambule ndi foni unditumizire, ndipo unatero. Unandifunsanso ngati chotero chikwanira, ine ndinakuyankha kuti usaphunzitse nyani kukwera mtengo. Choncho iwe pankhaniyi ulibe mlandu.

Ndinachitumiza kwa a Sebastião, amene ali ndi girafika ku Tete, kosindikizira zikwangwani zikuluzikulu. Anandiyankha tsiku lomwelo kuti chithunzicho n'chochepa. Anati chithunzi chikadutsa m'mauthenga a pafoni chimafika chitafinyidwa, chitataya timadontho tambiri timene timapanga nkhope. Pafoni chimaoneka bwino, koma ukachikoka kuti chidzaze nsalu ya mamita atatu, timadontho totsalato timasanduka njerwa.

Kuti ndikhulupirire ananditumizira diso lokha la abambo, pa kukula kumene likadatuluka. Silinali diso. Tinali timabokosi totuwa ndi takuda tolukanalukana ngati dengu. Anati chofunika n'chithunzi chenicheni cha papepala, achiike pamakina ochikopera, kuti fisheyiru yake, fayilo ya mukomputadori, ituluke yolemera, yoti n'kukula nayo.

Njira inali pafupi, kungokuimbira basi. Koma kutero kunali kuvomera pamaso pa iwe, mwana amene ndinakubereka kumsana, kuti panali china chimene sindinadziwe. Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Nyumba imeneyo ndi ino ndikukhalamoyi.

Mnzanga wina wa kuntchito anandionetsa pulogalamu ya pafoni imene akuti imadzutsa zithunzi zakale. Umaikamo nkhope yachimbuuzi, n'kutuluka yowala ngati yajambulidwa dzulo. Ndinawaikamo abambo. Atatuluka ndinachita kukuwa ndi chimwemwe mpaka aphunzitsi anasuzumira pakhomo. Pakagalasi ka foni, kochepa ngati chikhatho, anali iwo ndithu, chipewa chawo chija, jekete lawo lija.

Sindinadzifunse kuti timadontho tosowa tija makinawo atitenga kuti. Pano ndiye ndikudziwa. Amangopeka. Amabwereka maso, mphuno ndi mano a anthu ena amene anawaonapo, n'kumatira pamene pali mpata.

Kufika apa ukhoza kunena kuti unali umbuli chabe, ndipo ndikadakonda zikadakhala choncho. Zimene ndikulembere tsopanozi si umbuli.

Makinawo anasiya chipsera. Chinazirala, koma chinalipo, chija cha patsaya pamene Kapitawo, ng'ombe yathu ya ngolo, inawabaya ndi nyanga iwe usanabadwe. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinali nditaitana anzanga a kuno ku sede, kulikulu la boma lathu, kuti abwere ku chiliza, anthu a nsapato zopukuta, ndipo ndinkafuna aone kuti nanenso ndine mwana wa munthu. Ndinaika chala changa pamenepo n'kuchifufuta.

Nditayamba sindinalekenso. Mpata wa mano uja, umene ankaimbira likhweru poitana ng'ombe, ndinautseka. Khola la kumbuyo kwawo ndinalichotsa n'kuikapo mitambo. Kenako ndinaona kuti akuyang'ana kunja kwa lona, atafulatira malemba, ndiye ndinachitembenuza chithunzi chonse kuti ayang'ane kumene kuli dzina lawo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pomaliza ndinafufuta chachimbuuzi chija unanditumizira, ati kuti ndisasokoneze potumiza.

A Sebastião atalandira anati tsopano kukula kwake kwakwana. Iwo abambo sanawaonepo, akadadziwa bwanji? Anandiuza kuti ndisiye mpata m'mphepete monse, moboola mabowo a zingwe, kuti malemba asadulidwe. Ndinasiya. Anati ndionetsetse dzina ndi zaka. Ndinaonetsetsa mpaka kadontho ka pamwamba pa dzina lawo, Moisés. Chilichonse chimene sichinali abambo ndinachisamala bwino kwambiri.

Anandifunsanso ngati ndikufuna prova, kuti asindikize kaye kachidutswa ka nkhope pa kukula kwake kwenikweni, ndikaone ndisanavomereze. Ndinati nthawi yatha, sindikizani. Ndinalemba mawu amodzi okha, confirmo, kuti ndavomereza, n'kupita kukagula kapulana yatsopano, chitenje chovala tsikulo.

Lona inabwera pa shapa, timabasi tathu tija, itakulungidwa ngati mphasa. Ndinangofunyulula m'mphepete, ndinaona dzina lili bwino, n'kuikulunganso. Ndinkafuna kuti ndidzaione pamodzi ndi anthu, ndidzamve akuti aaa.

Tsikulo anthu anadzaza bwalo. A ku Chidzolomondo anabwera gulu, atatsogozedwa ndi azakhali a Lúcia, mlongo wawo wa abambo amene watsala yekha uja. Ndi mwendo wawo wovuta uja anayenda wapansi mtunda wautali asanapeze galimoto. Kumanda zonse zinayenda bwino. Akatekisita anadalitsa, nsalu inachotsedwa pachiliza, ndipo ntchito ya mmisiri wako anthu anaiyamikira. Mwala uja ndi wokongola, Belarmino. Ndimafuna umve zimenezi kaye.

Titabwerera kunyumba, chakudya chisanagawidwe, ine ndinaimirira pakati pa bwalo ndi kapulana yanga. Ndinalankhula mawu, ena a Chipwitikizi kuti a ku sede amve. Ndinapempha amayi akonzekere nthungululu. Amuna awiri anakwera pamitengo imene tinazika, anamanga zingwe, n'kuisiya lona kuti itambasuke.

Nthungululu inayamba, n'kufera kukhosi.

Pamwamba pathu panali mwamuna wofiirira, wa khungu losalala ngati la khanda, mano ali ndondondo, maso a munthu amene sanapsepo ndi dzuwa la kumunda. Chipewa chinali cha abambo, jekete linali la abambo. Zinali ngati mlendo walowa m'nyumba, wavala zovala zawo, n'kutuluka kudzatimwetulira. Pafoni paja zonsezi zinkabisala. Pamamita atatu panalibe pobisala.

Azakhali a Lúcia anadzuka, anatsamira ndodo yawo, n'kupita pansi penipeni pa lona. Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali. Kenako anafunsa mokweza, mmene amalankhulira muja ngati akuitana munthu kutsidya la dambo, kuti kodi bwana ameneyu ndi wa ku boma, kapena ndi amene wathandiza simenti, kuti timuthokoze.

Wina anawawerengera dzina. Azakhali anatembenuka n'kundiyang'ana ine. Anati iwo ndi Moisés anayamwa bere limodzi, ndipo ngakhale atamupeza pamdima angamudziwe. Anati ayenda ulendo wonsewu kudzaona mlongo wawo, osati kudzaonetsedwa mwamuna wina wa alamu awo. Kumbuyo ena anaseka, ena n'kuwaletsa. Amayi anali atakhala pamphasa pomwepo, akumva zonse.

Nthawi yomweyo mnzanga wa kuntchito uja anandinong'oneza kuti ficou bonito, mana, zakongola achemwali, abambo ako anali mphongo. Ndiwo mawu amene ndinawavutikira. Atafika anandiwawa ngati tsabola m'maso. Ndinalakalaka nthaka ikadang'ambika ndilowemo ndi kapulana yomwe.

Chakudya chitafika azakhali anakana madzi osamba m'manja. Onse a ku Chidzolomondo anapinda manja. Iwe ukudziwa tanthauzo lake, eni maliro akakana kudya pachiliza cha mbale wawo. Ndiye kuti mwambo sunachitike, ndipo njira ya pakati pa midzi iwiri imera udzu.

Amayi sanandikalipire, sanandiyang'ane n'komwe. Anatenga beseni la madzi, anayenda nalo bwalo lonse, n'kukagwada pafumbi pamaso pa azakhali. Anati mwana akalakwa ndi wa tonse. Anati nkhope yasochera, koma amene wagona pansi pa mwala uja ndi wanu yemwe uja, ndipo ng'ombe yaphedwayi ndi ya m'khola mwake. Anakhala chigwadire, beseni lili m'manja. Pamenepo azakhali anasamba.

Belarmino, amayi athu, ndi imvi zawo zija, kugwada pafumbi anthu onse akuona, chifukwa cha chala changa. Pamene ndikulemba zimenezi nkhope ikutenthabe.

Anthu atabalalika ndinkafuna kuitentha lonayo. Amayi anakana. Anati chinthu cholembedwa dzina la malemu sachitentha, sayanikapo nyemba, ndipo sachiponya pansi pa bedi kuti makoswe achidye. Anauza anthu kuti aipachike pabalaza. Ukudziwa kuchepa kwa nyumba ija. Yadzaza khoma lonse mpaka kukhotera pakona, nkhope yake kuposa chitseko. Ukalowa ndi iye, ukamadya ndi iye, ukamatuluka akukuperekeza ndi maso.

Ine ndinathawira kuno ku Tsangano mmawa mwake. Ndinakhala masabata osapondako kumudzi, ndikumanamizira ntchito. Ndinkaganiza kuti manyazi anga ndiwo nkhani yaikulu. Ndinkayenda pamsika mutu uli pansi, ndikuyesa kuti aliyense wogulitsa kachewere akundinena. Mwina ena ankandinenadi, anthu a kuno suwadziwa iwe? Koma zimenezo zinali zazing'ono.

Loweruka lapitali ndinalimba mtima n'kupita. Ndinafika masana, pakhomo pali zii, nkhuku zokha. Ndinaodira, palibe anayankha. Nditalowa ndinawapeza amayi ataima pampando patsogolo pa lona, khala lili m'manja. Dzanja lawo linkapita patsaya ili, n'kuima, n'kupita patsaya linalo, n'kuimanso. Sanalembe paliponse.

Ndinawapatsa moni. Sanatembenuke. Anati amafuna amubwezere chipsera, kuti mlendoyu mwina asandukeko wachibale. Kenako anatsitsa mawu n'kundifunsa kuti, Fernanda, kodi linali tsaya liti?

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti lamanzere. Pomwepo ndinakumbukira kuti ndinachitembenuza chithunzi chija, ndipo manzere amene ndikuwakumbukira mwina ndi a pafoni. Ndinatsinzina kuti ndiwaone abambo akuchokera kudambo ndi ng'ombe, monga ndakhala ndikuwaonera zaka zonsezi chimwalirireni. Anabwera ndi chipewa chawo, ndi kayendedwe kawo. Atakweza mutu, nkhope inali ya palona.

Amayi anatsika pampando n'kukhala pansi, miyendo atatambasula. Anati bala limenelo analitsuka ndi iwo, ndi madzi a mchere, abambo akutukwana ng'ombe. Anati ankalipeza ndi chala ngakhale osayang'ana. Anati chimwalirireni amuna awo akhala akuwayendera kutulo ndi nkhope yawoyawo, koma tsopano akangotseka maso amabwera ndi uyu, akumwetulira ndi mano ake.

Sanalire mokweza. Misozi inkangotsika, iwo akuyang'ana khala lija. Anati sangafunse munthu. Akafunsa azakhali, ndiye kuti mawu aja a pabwalo asanduka oona, anthu adzati n'zoonadi mayi uja anali ndi wina mumtima. Mkazi wotani woiwala tsaya la mwamuna wake?

Ndinagwada n'kuwauza zonse, za chala changa, za mano, za khola. Ndinkayembekeza kuti andimenya, ndipo ndikadakondwa. Iwo anangofunsa kuti kodi abambo ako ankakuchititsa manyazi? Funso limenelo ndikuyenda nalo mpaka lero.

Madzulo ndinayesa kufunsa mozungulira kwa mkulu wina amene ankalima nawo limodzi, ngati ndikungocheza za Kapitawo. Anagwira tsaya lina, kenako linalo, n'kuseka kuti ukalamba ndi matenda. Ndinasekanso nawo n'kutsanzika.

Pobwerera amayi anandiperekeza mpaka pamsewu. Tili pafupi kusiyana anandigwira mkono n'kunena kuti ndisakuuze iwe kuti aiwala. Ndinavomera. Ukuona tsopano kuti ndaswanso lonjezo, koma ili lokha sindikuchita nalo manyazi, chifukwa nkhope ya abambo yatsala pamalo amodzi okha, ndipo malowo ndi pakhoma la nyumba yako.

Ndiye ndakugwira mwendo, mlongo wanga. Ine amene ndinakuuza za nyani ndi mtengo, lero ndikupempha.

Usandiimbire kuti undiuze kuti ndi lamanja kapena lamanzere. Amayi sakusowa mawu, akusowa munthu. Usachijambulenso ndi foni. Chichotse m'galasi mwake mosamala, upite nacho ku girafika iliyonse ya kumeneko, achikopere pamakina. Uwauze kuti n'chokakulitsa mamita atatu, ndipo asakonze kalikonse, ngakhale kadontho. Akanena kuti angathe kuchiyeretsa pang'ono, ukane. Fisheyiru yakeyo aiike pa peni, kafulashi kotsomeka pa komputadori kaja, usaitumize m'mauthenga.

Koma chachikulu, bwera nacho cha papepalacho. Abwana ako uwauze chilichonse chimene angamve. Ukafika usaonetse kuti ukudziwa kanthu. Udzangoti unawasowa, ndipo waona kuti chithunzichi chakhalitsa kwa iwe, chibwerere kwawo. Udzawapatse m'manja, kenako udzatuluke ukaone kathole kaja. Usadzawayang'ane pamene akuchiyang'ana.

Za lona ina sindikulonjeza kanthu, ndaleka kudziponya. Amayi akadzaifuna tidzapanga, ndipo prova yake adzaiona ndi iwo, osati ine. Chipsera chidzakhalapo, mpata wa mano, ndi khola lomwe ndi ndowe zake. Ngakhale atatuluka achimbuuzi, bola akhale iwo.

Palinso ulendo wa ku Chidzolomondo. Azakhali anasamba m'manja chifukwa cha amayi, osati chifukwa cha ine, ndipo ndiyenera kukagwada ndekha. Ukabwera undiperekeze, ndikuopa pakamwa pawo paja. Ukhoza kundiseka njira yonse, ndakupatsa ufulu.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Rosália. Ngati ukufuna muwerengere kalatayi, nayenso adziwe mtundu wa mlamu amene ali naye. Chiyembekezo umpsompsone m'malo mwanga, ndipo usanachichotse pakhoma chithunzicho umunyamule, umuonetse agogo ake bwinobwino, umugwiritse kachala patsayapo. Mulungu akusungeni nonse, akuteteze kuntchito, ndipo akutsegulire njira yobwerera kuno msanga.

Khala lija amayi analiika pazenera. Mmawa mwake ndikusesa ndinafuna kulitaya, iwo anati ndilisiye. Lili pomwepo.

Ndine mlongo wako,
Fernanda